Anamuuza Kuti Asasinthe

Pa buchala pomwe ankagwira ntchito palibe amene ankamuitana ndi dzina lake. Onse ankangoti a Filimu, kuyambira bwana mwini malo mpaka amayi obwera kudzagula mafupa a msuzi. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma iye analilandira ndi manja awiri mpaka linakanirira. Anali mwamuna wa mapewa otambalala, wotha kusenza mwendo wa ng'ombe kuchokera m'galimoto kukaukoleka pa ngowe osapumira panjira. Pa makina ochekera mafupa ndiye ankadaliridwa, chifukwa dzanja lake silinkanjenjemera.

Zisudzo anaziyamba ali pasukulu, ndipo sizinamutuluke m'magazi. Anzake a nthawi imeneyo anazisiya, wina n'kukhala dalaivala, wina n'kulowa upolisi, koma iye ankati akuyamba kumene. Anakwatira akuyamba kumene, mwana anabadwa akuyamba kumene, imvi zinatulukira pachibwano munthu akuyambabe. Akangomva kuti kwinakwake akusankha anthu a filimu, ankapempha tchuthi, kusamba mpaka fungo la nyama litachepa, n'kukaima pa mzere. Malo oterewa amafanana onse: khonde lalitali, mipando yapulasitiki yosakwanira, nambala yomata pachifuwa, ndi anyamata onunkhira perefyumu akuloweza mawu moyang'ana khoma. Ukalowa amakuimika pa katepi komata pansi, utembenuke uku, utembenuke uko ngati mbuzi ya pamsika, kenako "zikomo, tikuimbirani." Limeneli ndi bodza lomwe amalinena mwaulemu kwambiri, ndipo a Filimu analimva kambirimbiri. Phindu la zaka zonsezo linali nkhongo yake, yomwe inaoneka kamodzi pa TV pakati pa chigulu cha anthu othawa moto. Mkazi wake anaizindikira chifukwa ndiye ankamumeta.

Chaka chimene ndikunenachi, a Filimu anadwala. Chinayamba ngati chimfine, kenako kutentha thupi, kenako chifuwa chouma chosamva mankhwala a m'golosale. Anagona kwa nthawi ndithu, ndipo podzuka anali atatha: masaya atalowa, maso atatuluka, lamba wofunika kuboola bowo lina. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti chifuwacho chikapanda kusiya abwererenso akamuyeze makhololo. Sabata yomweyo anamva kuti mayi wina wodziwika pa ntchito yosankha anthu a zisudzo akufuna amuna.

Mayiyu anali atamukanapo kangapo konse. Ankavala magalasi akuluakulu, ndipo chizolowezi chake chinali kumvetsera munthu maso ali pa foni. Tsiku limeneli anapatsa a Filimu pepala la mawu a munthu wodwala amene ali m'chipatala ndipo akupempha kuti wina akamuitanire mchimwene wake. A Filimu anaima pa katepi kaja n'kuyamba. Ali pakati, chifuwa chinamugwira. Anakhosomola mpaka kugwira maondo, misozi mbwembwembwe, kenako anamaliza mawuwo ndi kampweya kamene kanatsala. Atadzutsa mutu anapeza mayi uja atavula magalasi, akumuyang'ana.

"Chifuwacho mwachita bwino kwambiri, bambo," anatero mayiyo.

A Filimu sananene kuti chifuwacho ndi chake chenicheni. Akananena bwanji? Aka kanali koyamba kuti wina wa m'chipinda chotere amuyamikire.

"Ili ndi gawo lalikulu, filimu yonse ikuzungulira pa munthu ameneyu. Takusungani. Tsiku lojambula silinadziwike, koma chonde musasinthe. Musamete, musanenepe. Mukhale mmene mulilimu."

Safunsa adadya phula. A Filimu sanafunse kuti adikira mpaka liti, ngakhale kuti asungidwa okha kapena alipo ena. Anatuluka m'chipindamo akumwetulira yekha ngati wamisala, mawu akuti musasinthe atawatenga ngati lamulo la Mulungu.

Kunyumba anapeza mkazi wake atakazinga chiwindi. Mkazi wakeyu ankasesa ndi kukolopa pa sukulu ina, ndipo chiyambire matenda aja anali atalumbira kuti thupi la mwamuna wake alibwezeretsa ndi manja ake. A Filimu anadya pang'ono n'kukankhira mbale pakati pa tebulo.

"Chavuta n'chiyani, mchere wachuluka?"

"Ayi, mayi, chakoma. Koma andiuza kuti ndisanenepe."

"Ndani?"

Anamufotokozera zonse, mpaka za magalasi. Mkazi wake anakondwera nawo, chifukwa ankadziwa mmene mwamuna wake anavutikira ndi makonde amenewo. Anaseka n'kunena kuti chabwino, sabata ziwiri zosadya sizipha munthu, ndipo chiwindicho anagawana ndi mwana.

Sabata ziwiri zinatha, mwezi unatha, foni ili zii. Akaimba yekha, woyankha anali mtsikana wa mu ofesi amene ankati zinthu zikukonzedwa, adikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero a Filimu, n'kumwa madzi otentha m'malo mwa chakudya cha m'mawa. Masana anzake akamaotcha tizidutswa ta nyama kuseri kwa buchala, iye ankapita pa mpopi kukatsuka mipeni yotsukatsuka kale kuti utsi usamufike m'mphuno. Anzakewo ankamuseka.

"A Filimu, bwerani mudzanunkhizeko, fungo silinenepetsa!"

"Asiyeni, akatchuka adzatigulira buchala yonseyi."

Apa ndi pamene nkhaniyi imandipsetsa mtima. Munthu akamatha thupi popanda chifukwa, abale amadzidzimuka, anansi amanong'onezana, wina amalimba mtima n'kumukokera kuchipatala. Koma a Filimu chifukwa anali nacho, ndipo anali atachilengeza kwa aliyense. Mapewa aja akutsika, anthu ankati ndi za filimu. Ndevu zikumera mpaka kubisa kamwa, ndi za filimu. Matenda anapeza pobisala pabwino, n'kumadya munthu masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akumuombera m'manja kuti ndi wolimba mtima. Mkazi wake yekha ndi amene ankadziwa kuti m'mawa uliwonse nsalu za pabedi zimakhala zitanyowa ndi thukuta, chifukwa ndiye ankaziyanika.

"Bambo, tiyeni kuchipatala. Anakuuzani kuti mubwerere."

"Ndipita tikangojambula."

"Kuyezetsa kokha kukulepheretsani chiyani?"

"Akandipeza nacho andipatsa mankhwala. Mankhwala amenewo ndimawadziwa, munthu amayamba kudya ngati dzombe. Mwezi umodzi wokha masayawa abwerera, ndiye ndikawauza chiyani anthu aja?"

Mkazi wake anakhala pa mkono wa mpando, nsalu yonyowa ili m'manja. Anali akuganiza kuti mwamuna wake sakudziwa kuti akudwala. Tsopano anaona kuti akudziwa bwino lomwe, ndipo mantha amene anamugwira anaposa a poyamba.

Ku buchala zinthu zinafika poipa. Mwendo wa ng'ombe unayamba kumugwetsa, ndipo anzake ankamuthandiza mwakachetechete, nthabwala zija zitatha. Tsiku lina ali pa makina anachita chizungulire, fupa linaterereka, mano a makinawo anang'amba apuloni yake pamimba. Bwana anamuchotsa pamenepo n'kumuika pa sikelo. Koma pa sikelo ndi pamaso pa makasitomala, ndipo kasitomala safuna munthu wokhosomolera nyama yake. Bwanayo sanali munthu woipa. Anamuitanira m'kachipinda ka mafiriji n'kutseka chitseko.

"A Filimu, anthu ayamba kuopa nyama yanga. Pitani kuchipatala, mukachira malo anu muwapeza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akulu. Za mafilimuzi n'zamphepo."

"Bwana, zatsala pang'ono."

"Ndiye mubwere zikatha. Pano musaimenso."

Anavula apuloni n'kubwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Mkazi wake atamva, mtima unamuphulika. Anakalipa mawu onse amene anakhala akuwameza: kuti iye anakwatiwa ndi munthu, osati chithunzi, kuti mwana wayamba kuopa kukhala pamiyendo pa bambo ake, kuti mayi wa magalasiyo akudya bwino kwawo pamene m'nyumba muno mukulowa maliro. A Filimu anamvetsera ali chogona pa mpando, ndipo atayankha anayankha motsitsa.

"Mayi, zaka zonsezi ndakhala ndikulowa m'zipinda zija ndili ndi thupi langa, ndili ndi mphamvu zanga, palibe amene anadzutsa mutu. Ndinalowa ndili chonchi, munthu anavula magalasi. Mukufuna ndibwerere kukhala uja sankamuona?"

Mkazi wake analira. Ankamukonda, ndipo ankadana nalo loto lakelo ngati mmene mkazi amadanirana ndi mkazi mnzake.

Foni inalira nyengo yamvula itadutsa. Anali mtsikana wa mu ofesi uja: abwere mawa m'mawa ku nyumba ina yakale yosungiramo katundu, kujambula kwayamba. A Filimu sakanatha kukwera basi yekha, choncho mkazi wake anajomba kuntchito n'kumuperekeza, atamugwira m'chiuno potsika ndi pokwera.

M'nyumbamo anali atakonzamo ngati chipatala: mabedi achitsulo mizere iwiri, mabulangete otuwa, mabotolo a madzi olendewera pa mitengo yachitsulo, nyale zikuluzikulu zotentha ngati ng'anjo. Pakona, mnyamata wina wa masaya odzaza anakhala pa mpando akudya nthochi, mtsikana akumupaka utoto wotuwa m'munsi mwa maso. Mayi wa magalasi anali pomwepo. A Filimu anadzichotsa m'manja mwa mkazi wake n'kuyenda yekha mpaka pamaso pake.

"Mayi, ndabwera. Sindinasinthe."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali asanamukumbuke, ndipo atamukumbuka anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Bambo inu, chakuchitikirani n'chiyani?"

"Munati ndisanenepe."

"Ii, bambo, mawu amenewo timauza aliyense, kuti munthu azifanana ndi chithunzi chimene tamujambula. Gawo lija linaperekedwa kalekale kwa uyo akupakidwa apoyo. Sanakuuzeni?" Anatembenukira kwa mtsikana wa mu ofesi, yemwe anayang'ana kumbali. "Nkhaniyi imayamba munthuyo ali wamphamvu, akusenza matumba, akuvina pa ukwati wake. Kudwalako n'kwa kumapeto. Kudwala timapaka ndi utoto, bambo, koma mphamvu sitingakupakeni. Lero taitana anthu onse amene tinawasunga kuti adzagone m'mabedimu, chipatala chioneke chodzaza."

Mkazi wake anamugwira mkono. "Tiyeni tizipita."

A Filimu anayang'ana mabedi aja. "Langa ndi liti?" anafunsa.

Anamupatsa la kumapeto, pafupi ndi khoma. Mnyamata wina wovala mahedifoni m'makutu anayenda m'mizere akuchenjeza odwala onse kuti kamera ikayamba pakhale bata, pasapezeke wogwedezeka kapena wokhosomola, chifukwa chifuwa chofunika kumveka ndi cha mwini gawo lalikulu yekha. Nyale zinayaka, dayirekitala wotsogolera kujambulako anakuwa kuti ayambe, ndipo mnyamata wa masaya uja anayamba kupempha kuti wina akamuitanire mchimwene wake. Anali mawu omwe aja, amene a Filimu anakhala akuwanena m'bafa miyezi yonseyi. Mnyamatayo anakhosomola kachifuwa kaulemu kochokera pakhosi.

Pomwepo chifuwa chenicheni chinadzuka pa bedi la kumapeto. A Filimu anachimva chikukwera, ndipo analuma bulangete. Nthiti zinagunda, maso anafiira, thukuta linatsikira m'makutu, koma sanatulutse mawu. Anabwereza kujambulako, iye analumanso. Anabwerezanso. Mkazi wake anaima kuseri kwa dayirekitala, pomwe panali kagalasi koonetsa zimene kamera ikutenga. Anafunafuna mwamuna wake m'menemo. Kamera inkathera pa bedi lachitatu, ndipo la kumapetolo silinkaoneka n'komwe.

Dayirekitala atakhutira anawomba m'manja n'kulengeza kuti ndi nthawi ya chakudya. Odwala onse anataya mabulangete, kudumpha m'mabedi n'kuthamangira pa mzere wa mbale, akuseka ndi kukankhana. Bedi limodzi lokha silinagwedezeke. A Filimu anayesa kudzuka, zigongono zinakana. Mkazi wake anabwera n'kuchotsa bulangete pakamwa pake, ndipo pamene analumapo panali magazi.

"Sindinawasokoneze?" ananong'ona.

"Ayi, simunawasokoneze."

"Ndiye zatha eti? Ndingathe kudya tsopano?"

Mkazi wake anapita pa mzere, anthu anamupatsa njira, ndipo anabwerako ndi mbale ya mpunga ndi nyama. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anamutsamiritsa pachifuwa pake, n'kumuika supuni pakamwa ngati mwana. A Filimu anatafuna nthawi yaitali, akuyesetsa ndi mtima wonse. Kenako anapukusa mutu, misozi ikulowa m'ndevu.

"Mayi, sichikutsika."