Chala cha a Levulo Chili pa Khoma

Lachiwiri pa 14 Malichi, boma linapha munthu ali chiimire pa mzere, chipewa chili m'manja. Munthuyo ndi a Levulo, mmisiri amene anamangira boma nyumba kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Dzinalo, la chida choyezera ngati khoma lawongoka, anawapatsa ndi anzawo, chifukwa khoma likangopendekeka pang'ono ankaligwetsa, kapitawo afune asafune.

Chinachitika ndi ichi. Boma linalengeza pa wailesi kuti likukonza chuma, ndipo liyamba ndi kuchotsa mizukwa, ndiye kuti maina a anthu akufa ndi ongopeka amene amalandira penshoni. Aliyense wopuma pa ntchito akadinde chala pa makina ku ofesi ya boma mwezi usanathe. Amene makina amukane, dzina lifufutidwa. Amene analemba mizukwayo m'mabuku sanaitanidwe pa mzere uliwonse. Akadali m'maofesi momwemo, ndipo ena a iwo ndi amene anakagula makinawo.

A Levulo anavala jekete lawo lopitira ku maliro, poti labwino ndi lomwelo. Akazi awo, amene shuga anawatha thupi ndipo mankhwala awo amachokera pa penshoni yomweyo, anawakonza kolala pakhomo.

"Bambo, kumenekotu musakakalipe. Pakamwa panu ndimapadziwa."

"Ndikakalipirenji? Ofesi imeneyo ndinamanga ndine."

Sananame ayi. Ali pa mzere ankasisita khoma ngati msana wa mwana wawo. Atalowa anapeza tebulo, kalaliki wamkazi wovala magalasi, ndi kabokosi kakuda ka galasi pamwamba.

"Agogo, ikani chala chachikulu apa."

Kanyali kanayaka kofiira.

"Chinacho." Kofiira. "Tachipakani pamphumi chitengeko mafuta."

Anapaka. Anayesa zala zonse khumi. Kenako kalaliki uja anatembenuza dzanja lawo n'kuliyang'anitsitsa. Zala zinali see, ngati mwala wa mumtsinje. Simenti ndi laimu zinadya mizere yonse, pakuti zaka zonsezo boma silinawagulirepo magolovesi ngakhale amodzi.

"Agogo, zala zanu zilibe mizere."

"Mwanangu, mizereyo ili m'makoma anuwa."

Wina pa benchi anafuula kuti, "Mzukwa woyamba wagwidwa!" Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi, chifukwa aliyense anayamba kuyang'ana manja ake.

Apo ndi pamene a Levulo anakumbukira. Gulu lawo linali ndi lamulo lake losalembedwa. Nyumba ikatha, mmisiri wamkulu ankadinda chala chachikulu pa pulasitala wosauma, pansi pa zenera lomaliza lakumbuyo, kuti khoma likadzang'ambika pasadzakhale kulozana. Mwini chalacho ndiye adzayankhe.

Anachonderera mpaka kalaliki anaitana bwana wake, bambo wonenepa wa tayi yofiira. Atatuwo anazungulira kuseri, m'maudzu ndi m'mapepala otayidwa. A Levulo anagwada, mawondo akulira, n'kupala dothi ndi kiyi wa kunyumba. Chidindo chija chinalipo, mizere yake yonse ikuoneka bwinobwino. Anaikamo chala, chinalowa ngati phazi mu nsapato yake.

Kalaliki anagwira pakamwa. Bwana anayang'ana wotchi.

"Madala, zosangalatsa ndithu. Koma khoma si chikalata."

"Nanga amene mukuyankhula nayeyu ndani?"

"Zimenezo amadziwa ndi makina. Lembani kalata ku likulu. Ndiponso musadalire khomali, nyumbayi yagulitsidwa. Mwezi wamawa ikugwetsedwa."

A Levulo sanakalipe. Analonjeza pakhomo paja. Anangopukuta chala pa jekete, n'kuvala chipewa, n'kumapita.

Makalata analemba atatu, a ulemu onse. Palibe imene inayankhidwa. Mwezi unatha, dzina linafufutidwa, ndipo pa wailesi anawerenga monyadira kuti mizukwa yambiri yachotsedwa. A Levulo anamva nkhaniyo ali pa khonde, akudula piritsi la akazi awo pakati ndi lezala kuti lifike mawa. Akazi awo anayesa nthabwala, amvekere, "Ndiye ine ndi mkazi wamasiye, bambo?" Palibe anaseka.

Khoma lija laima zaka makumi atatu osang'ambika, chifukwa wolimanga anasiyapo chala chake. Nanga amene analamula kuti munthu wopanda mizere m'zala ndi wakufa, chala chake anadinda pati? Kalata zake zilibe dzina, zimangoti akuluakulu agamula. Akuluakulu ake ati? Mzukwa weniweni ndi uti pamenepa, amene anabwera yekha n'kugwada m'maudzu, kapena amene sitinamuonepo nkhope?

Inu a boma, funso ndi limodzi ndipo silifuna makina. A Levulo ali moyo kapena anamwalira? Ngati anamwalira, bwerani mudzawauze akazi awo, chifukwa m'mawa uliwonse amawatenthetsera madzi osamba. Ngati ali moyo, bwezerani dzina lawo. Yankhani molemba, musaine dzina lanu pansi, mapiritsi asanathe.