Jekete ya pa Botolo

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikusoka pa khonde limodzi la sitolo ndi a Mapini, makina anga kuno, awo uko, pakati pathu mzati basi. Dzinali tinawapatsa chifukwa pakamwa pawo sipasowa mapini. Munthu woluma mapini salankhula zambiri, ndiye anthu amati ndi ofatsa. Ine ndimati ndi ochedwa. Buluku limene ine ndimamaliza m'mawa umodzi, iwo amalitembenuza masiku awiri, kuyeza, kufufuta choko, kuyezanso. Mowa samwa, mpira saonera. Akaweruka amaphimba makina ndi nsalu n'kulunjika kwa akazi awo.

Ndiye tangoganizani, Lachinayi lina masana galimoto yakuda n'kuima pa khonde pathu. Dalaivala anatuluka ndi bokosi. Ine ndinali nditayamba kale kupukuta m'manja, koma anandidutsa ngati mzati uja.

"A Mapini ndinu? Abwana akuti zikomo."

Abwana akewo ndi Mlongoti, woimba wamtali uja amene nkhope yake yadzaza pa zikwangwani. M'bokosimo munali botolo la wisiki wa dzina lake, amene amati ndi wa balere yekhayekha, wogona m'migolo zaka khumi ndi ziwiri. Papepala la botolo panali chithunzi chake chakale, ali mnyamata, gitala m'manja, atavala jekete yobiriwira.

Mutu wanga unatentha. Jekete imeneyo ndinasoka ndine! Anabwera kwa ine ali wowonda, nsapato zong'ambika, mawa lake akukaimba pagulu koyamba. Bowo la batani lapakolala ndinalizunguliza ndi ulusi wofiira, chizindikiro changa, ndipo pachithunzipo chikuoneka. Kasitomala aliyense amene anakhalapo pa benchi langa nkhani imeneyi amaidziwa. Ena amabwera chifukwa cha iyo yomweyo.

"Achimwene," ndinatero, "mphatsoyi yasochera. Inu munasokapo chiyani cha Mlongoti?"

A Mapini analavulira mapini m'dzanja. "Ine sindimwa, mukudziwa. Lawani inu."

Anathira pang'ono m'chivindikiro cha fulasiki yawo ya tiyi. Ha, wisiki wodula chonchija m'chivindikiro! Mwayi umapitadi kwa osadziwa chochita nawo. Ndinanunkhiza ndikupemphera kuti akhale woipa. Fungo lake linali la utsi, ngati nsalu imene simbi yaipsereza pang'ono. Nditamwa anayamba wawotcha lilime, kenako n'kutsika mwaulemu, kusiya kukoma ngati uchi kukhosi. Anali wabwino, mfiti iyeyo. Zinandiwawa kwambiri.

"Ndi wamba," ndinanama. "Thiraninso."

Pamene ankathira, ndinaona akukankhira kakhadi pansi pa nsalu ndi chigongono. Ndinakatsomphola.

"Musawerenge, achimwene."

Ndinawerenga mokweza, kuti wogulitsa m'sitolo ndi amayi awiri amene ankadikira madiresi awo amve bwino chinyengocho. Kanati: "Kwa atelala amene anandipulumutsa. Jekete ija itang'ambika m'khwapa zonse ziwiri nditangonyamula gitala, amene anaisoka atapita ku mpira, inu munaiphwasula n'kuikonza. Sindinaiwale."

Ndinakumbuka tsiku lija. Mnyamatayo ndinamuyeza ataima njo, manja pansi, ngati kalaliki wa mu ofesi. Woimba gitala sayezedwa choncho. Umamuuza akweze manja, apinde zigongono, ndiye n'kusiya malo m'khwapa. Ine ndinkathamangira mpira.

Amayi awiri aja ankayang'ana pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka.

"Ndinangoikamo tinsalu tiwiri m'khwapamo," anatero a Mapini. "Zina zonse ndi zanu. Ulusi wofiira uja sindinaukhudze."

"Ndiye zaka zonsezi ine ndikubwebweta pano, inu muli phee kuseri kwa mzati? Bwanji osandiuza?"

"Mumaikonda nkhani ija," anatero, n'kubwezera mapini pakamwa.

Botolo anandipatsa lonse. Lili kunyumba pamwamba pa kabati, ndinalitembenuza kuti chithunzi chiyang'ane kukhoma. Nsanje sinathe ayi, musanamizidwe. Kungoti tsopano si ya botolo. Ndimawachitira nsanje kuti anatha kusunga chinthu chotere m'kamwa zaka makumi awiri, pamene ine ndikanachilengeza dzuwa lisanalowe.

Dzulo kunabwera bambo wina wofuna jekete. Atakhala pa benchi anafunsa, "Paja akuti ya Mlongoti ija munasoka ndinu?"

Makina a kuseri kwa mzati anasiya kulira.

"Tinasoka awiri," ndinayankha, tepi ili m'manja. "Taimirirani, bambo. Kwezani manja."