Pansi pa Masamba a Tiyi

"Ukaponda kuchipatala, nyumba ino uiiwale!" Anali Baba, ali mumkanjo wawo woyera wa chipostori.

Mawuwa andibwerera lero. Ndimachokera kotenga mankhwala anga a Crohn, matenda a zilonda za m'matumbo, ndiye ndadutsana ndi thirakitala ya masamba a tiyi. Fungo laliwisi lija!

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa esiteti ina ku Chipinge. M'mimba munkapota, kuchimbudzi ndinkataya magazi, kabudula ndinkachita kumangira luzi. Baba ankangondimwetsa madzi opemphereredwa, timiyala titatu tili pansi pa botolo. Tsiku limene ananena mawu aja ndinapsa mtima, botolo ndinalikankha ndi phazi.

"Miyala yanuyi ndamwa chaka chathunthu, Baba! Ndikufuna dokotala!"

Vuto linali limodzi: msewu wa kuchipatala unkadzera pageti, ndipo mlonda wa pageti anali Baba omwewo.

M'mawa mwake ndinatsatira Amayi kumunda ngati wokathandiza kuthyola. Masamba oyamba atayezedwa, Amayi ananong'onezana ndi dalaivala wa thirakitala yonyamula masamba, kenako anandisomeka khadi la kuchipatala m'malaya.

"Kwera, iwe! Ukayetsemula watipha tonse," anatero Amayi.

Ndinagona m'ngolo, iwo nkundikhuthulira madengu atatu. Kuzizira kwake! Mame ankandilowa m'makutu.

Pageti thirakitala inaima. "Mangwanani, madzibaba!" anatero dalaivala, kupereka moni wa m'mawa kwa Baba. Baba anayankha pafupi penipeni ndi mutu wanga. Ndinaluma kolala kuti ndisaseke.

Geti linalira potseguka. Titangokhota, ndinavuula mutu, masamba ali mkamwa, nkukuwa: "Pondani moto, ankolo!"