Nsapato za ada ku Dar es Salaam

Ndikukumbukira ulendo umene ada, bambo anga, ananditenga kuchoka kwathu ku Kande kupita ku Tanga, kukaonekera kwa makolo a mtsikana amene achimwene ankafuna kukwatira. Ndinali kamtsikana ka sitandade 4. Ada anali Mtonga weniweni: chakudya chikhoza kusowa, koma tayi ayi. Pa ulendowu anagula nsapato zakuda zonyezimira, ndipo njira yonse ankazipukuta ndi kampango. Ankati munthu wokakamba za ukwati amayamba kuonedwa kumapazi, ndipo akanyozeka iye, wanyozeka ndi mwana wake yemwe.

Tinafika ku Dar es Salaam m'mawa, basi ya ku Tanga inali yamadzulo. Ada anati tisakhale pa depoti ngati katundu, tikaone tauni. Kunkatentha koopsa, koma jekete sanavule. Ine maso anali yuu! Apa mzikiti, apo kachisi wa Amwenye, patsogolo tchalitchi. Aluya a mikanjo yoyera, Amasai ofunda nsalu zofiira, Matchaina, azungu, onse m'msewu umodzi. Ponseponse fungo la mpunga wa zonunkhira ndi utsi wa magalimoto. Ada chilichonse anali nacho ndi yankho. Nyumba zosanja anati n'zosonyeza kuti anthu alibe malo. Madzi a kokonati anati sakufika pa maheu a ama, amayi anga.

Kenaka tinapita kukaona nyanja yamchere, ndipo kumeneko ada anaseka mpaka misozi. Madzi anali kutali, mabwato atagona cham'mbali pamatope.

"Nyanja yotchuka ija ndi imeneyi? Yaphwa! Anzathuwa chilala chawapweteka."

Anati tikaiyendere ndithu, tikakhale ndi chonena kwathu. Pamene mchenga unayamba kunyowa anavula nsapato zija, n'kuikamo masokosi, n'kuziyala bwinobwino monga timachitira kwathu, kumene ukasiya chinthu pamchenga umachipeza pomwepo. Mmwenye wina wokalamba amene ankapitidwa mphepo anatikodola, akuloza nsapatozo ndi nyanja. Ada anamuyankha m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni ya ku Bandawe kuti iwo anabadwira m'mbali mwa nyanja, sangaphunzitsidwe za madzi ndi munthu wa m'sitolo.

Tinayenda mtunda ndithu, ine ndikutola zigoba, iwo akufotokozera nkhanu za kumeneko kuti n'zoonda. Sindinaone pamene madzi anatembenukira. Ndinangomva kuzizira m'akakolo, posakhalitsa m'maondo, ndipo nditacheuka, kumene tinadutsa kuja kunali nyanja yokhayokha. Ndinalira ndi mantha. Ada anandinyamula paphewa n'kuyamba kuthamanga, tayi ili kumsana. Tinatuluka bwino, koma nsapato zinali zitapita.

Ada anaima atanyowa mpaka m'chiuno, akuyang'ana mapazi awo, ndipo ndinawamvera chisoni. Nthawi ya basi inali itayandikira, moti zimene anapeza pafupi zinali nsapato za matayala zimene Mmasai wina ankagulitsa pansi pa mtengo. Mkulu wa mpingo, suti yathunthu, pansi matayala a galimoto! Njira yonse ya ku Tanga mapazi anawabisa kunsi kwa mpando.

M'mawa mwake achimwene, amene tinawapeza ku Tanga komweko, anatiperekeza kwa apongozi awo. Ada ankayenda m'mbuyo, zimene sanachitepo. Titafika pakhonde tinapeza mulu wa nsapato: kumeneko aliyense amavula asanalowe m'nyumba, ndipo akuluakulu onse anali atakhala pamkeka opanda kanthu kumapazi. Ada anavula matayala awo mwachangu, n'kuwakankhira kunsi kwa muluwo, n'kukonza tayi. Analowa patsogolo pa tonse, ndipo nkhani ya ukwati anaiyendetsa bwino mpaka inatheka. Potuluka anandinong'oneza:

"Waona, mwana wangu? Mwambo wawo ngwabwino. Ndikanabwera ndi zanga zija, bwenzi atachita manyazi."

Masiku ano achinyamata a kwathu amapita ku Dar es Salaam ngati akupita ku Chintheche, kukatenga magalimoto ndi mabelo a kaunjika, ndipo foni imawauziratu nthawi imene madzi abwerere. Palibenso amene nyanja ingamulande nsapato. Ada anatisiya kalekale, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanavomere kuti analakwitsa. Ankangoti nyanja ya kumeneko ilibe mwambo, ndipo ine ndimawasowa kwambiri.