Nambala ya pa Mkono wa Achimwene

Achimwene anga anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo ngakhale atapuma pa ntchito, manambala sanawasiye. Akaona nambala yaitali, kaya pa galimoto, kaya pa mita ya magetsi, ankaima kaye. Ankayamba ndi kumapeto, kuona ngati ingagawike pawiri, kenako n'kuphatikiza manambala ake onse kuti adziwe ngati 3 angalowemo. Nambala yokana kugawidwa ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe ankaitcha youma mutu, ndipo ankaikonda ngati mdzukulu.

Amuna anga atamwalira, achimwene ankabwera Loweruka lililonse ndi kapepala m'thumba la malaya.

"Mlongo, walira mokwanira lero. Tandiuza, iyi ndi youma mutu kapena ayi?"

Ndinaphunzira chonchobe, misozi ili m'masaya.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Masiku asanu ndi anayi anangogona m'chipatala, maso ali kudenga, osayankha aliyense. Adokotala anati sakudziwa ngati akumva zomwe tikulankhula. Akazi awo, alamu anga, ankangofunsa chinthu chimodzi: kodi munthu wathu akadalimo m'thupi limeneli?

Tsiku lakhumi masana, ndikuwapukuta manja, ndinaona kalamba kapulasitiki komwe achipatala anawamanga pa mkono. Panali nambala: 30814629. Mwachizolowezi ndinaphatikiza chamumtima, n'kupeza 33. Ndiye kuti 3 alowamo bwinobwino.

Mulungu andikhululukire, pamenepo ndinanama dala.

"Alamu, taonani nambala ya achimwene. Iyitu ndi youma mutu, palibe ingaigawe."

"Inunso alamu, ino ndi nthawi ya masamu?"

Ndinawerama pa khutu la achimwene n'kutchula manambala aja limodzilimodzi, pang'onopang'ono. Ndiye ndinabwereza bodza langa mokweza.

Nsidze zawo zinakwinyika monga zinkachitira m'kalasi. Dzanja lamanzere linasuntha pa bulangete, zala zitatu n'kutambasuka. Milomo inavutika nthawi yaitali.

"Bo... dza," anatero. "Ndinaku... phunzitsa chiyani... iwe?"

Alamu anakuwa mpaka namwino anabwera chothamanga, akuyesa kuti zavuta. Anatipeza tikuseka ndi kulira nthawi imodzi, wodwala ali chikwiyire, zala zitatu zili m'mwamba.

Pano akuyenda ndi ndodo. Kalamba kaja ndinakasunga m'Baibulo langa. Iwo anagawa nambala ija ndi 3 n'kutsala ndi 10271543, ndipo akulimbana nayo pakhonde m'mawa uliwonse, pensulo ili ku dzanja lamanzere. Akuti ayesa mpaka 19, sinagonjebe.

Abusa atabwera kudzawazonda, achimwene anandiloza ndi ndodo.

"Abusa, mlongo wangayu mumuone bwino. Amanama m'chipatala."

Abusa anati nkhaniyo anaimva kale, ndipo sakuona chifukwa choti ndilape.