Choko Kumapazi kwa Luwiza

Ndikukumbukira tsiku limene tinaphunzira za Aroma akale, ndili Sitandade 6 kwathu kwa Malemia. Kunatentha moti malata a kalasi ankangothetheka, ndiye aphunzitsi athu, a Alufandika, anatitulutsira pansi pa mtengo wa nimu.

Anatiuza kuti Aroma akagonjetsa dziko ankagwira anthu n'kukawagulitsa pamsika ngati mbuzi. Ena ankalima atamangidwa unyolo, ena ankafera m'migodi. Kapolo wochokera kunja ankamupaka choko kumapazi kuti ogula adziwe kuti ndi mlendo. Pofuna kuti timvetse bwino, anati tichite sewero. Ine ndinakhala wogula, n'kudzikulunga chitenje cha mnzanga ngati bwana wa ku Roma. Ukapolo unagwera Luwiza, poti ndiye anakhala kutsogolo.

Luwiza anali atangofika kumene kuchokera ku Mozambiki, kuthawa nkhondo pamodzi ndi amayi ake. Anaima chete akumupaka choko, maso ali pansi. Ine, pofuna kuseketsa anzanga, ndinamuyasamulitsa kuti ndione mano. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo sindibisa, zinandikomera.

Dzina lija linamukanirira. Kumjigo, kumsika, ana ankangomuitana kuti kapolo. Sabata yotsatira Luwiza sanaonekenso kusukulu.

Aphunzitsi ananditenga kupita kwawo kwa Luwiza, akuti nanenso ndikamve. Tinapeza amayi ake akupeta mapira pakhomo pa kanyumba kaudzu. Anatipatsa mphasa, n'kumvetsera mpaka aphunzitsi atamaliza. Kenako anayankha m'Chisena, motsitsa mawu.

“Mwanayu anthu a mfuti anamugwirapo, anawasenzera katundu masiku atatu. Mchimwene wake sanabwereko. Kumeneko sikunali kusewera.”

A Alufandika anavula chipewa.

Lolemba aphunzitsiwo anafika m'kalasi nsapato zili m'manja, mapazi ali mbuu ndi choko. Anati ku Roma aphunzitsi ambiri anali akapolo, anthu ophunzira ogwidwa kwawo, ndiye wofuna kuitana munthu kuti kapolo ayambire iwo. Palibe anayesa. Tsiku lonse anayenda chosavala nsapato, ndipo masana mchenga utapsa ankadumphadumpha popita kuofesi. Luwiza, amene amayi ake anamuperekeza m'mawa umenewo, anabisa nkhope m'kope akuseka.

Ine ndinamupatsa masau odzaza m'manja, m'malo mopepesa ndi mawu. Analandira, koma sanandiyankhule mpaka teremu inatha.

Nkhondo itatha Luwiza ndi amayi ake anabwerera kwawo. Masiku ano ana anga amaona za Aroma pafoni, ndipo sindinamvepo mphunzitsi akuimika mwana pamsika wa sewero. Malire a Mozambiki timangowoloka popita kukagula nsomba. Ndikafika tsidya ndimafunsa za Luwiza ndi mchimwene wake, koma dzina la bambo awo sindilidziwa. Nthawi yonse ija sindinamufunsepo.