Tidaponda njerwa za a Chisale

Ndikukumbukira chaka chomwe mvula idadula kwathu ku Chezi. Ndevu zinali zitayamba kundimera koma ndinali ndikadali Sitandade 1, poti ubwana wanga udathera kubusa. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana cha kuphiri la Ntchisi, yakuda bii, kenaka n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Chimanga chinkafota m'mizere.

Anthu adapeza wolakwa: a Chisale, bambo amene ankaumba njerwa kudambo kuti amangire banja lawo nyumba. Ankati woumba njerwa amadana ndi mvula, choncho ndiwo adaimanga.

Tidapitako chigulu Lamulungu, tikuchokera kutchalitchi. A Chisale adatuluka kudzatilonjera.

"Abale anga, ine ndingamange bwanji mvula? Changa chimanga sichikufota kodi?"

"Musatipusitse inu!" adakuwa mkulu wina wa mpingo. "Anyamata, pondani!"

Tidaponda. Njerwa zosawotcha sizilimba, zimangofumbutuka pansi pa chidendene. Fumbi lake lidandilowa m'kamwa, ndipo ndinkaseka. A Chisale adasamuka m'mudzimo ndi ana awo. Mvula idadzagwa pa nthawi yake, iwo atapita kale.

Posachedwapa mdzukulu wanga, mtsikana amene akuphunzira zanyengo kukoleji, adandionetsa zithunzi za mitambo pafoni yake.

"Agogo, izi zajambulidwa ndi makina otchedwa rada. Ali pa satelayiti, kumwamba kupitirira mitambo. Amatumiza mafunde olowa m'kati mwa mtambo, mafundewo n'kubwerera kudzaonetsa madzi amene alimo. Mtambo utha kuda bii, koma madontho ake ali aang'ono kwambiri. Ena amagwa ndithu, n'kuumira m'njira asanafike pansi chifukwa mpweya wauma."

"Nanga chingwe chomangira mvula, makinawo amachiona?"

Mwanayo adaseka mpaka misozi. Ine sindidaseke.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti mpaka lero, mvula ikangodula, anthu oyenda ndi mafoni m'matumba amathamangirabe kwa nkhalamba kapena kwa woumba njerwa. Mayankho ali m'manja mwawo, koma amafuna munthu woti amuloze chala. Ife tinkati ndife mbuli. Nanga iwowa anena chiyani?

Komatu ngakhale umbuli wathuwo sindiulandiranso. Njira yopita kudambo inkadutsa pakati pa munda wa a Chisale. Tonse tidachiona chimanga chawo, masamba atapotana ngati chathu, tidachipatula ndi manja kuti tidutse. Kuti tione chimenecho, sipankafunika makina akumwamba.